Thanki lalikulu siliwonjezera mphamvu ya madzi

Achimwene ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, andilembera kuti thanki lawo la malita 5,000 lili pa sitandi ya mamita 2, koma shawa imangodontha. Akufunsa ngati kugula la malita 10,000 kungathandize. Kalatayi yandikumbutsa zomwe zinandiwawa.

Kolera itavuta ku Glen View ndi kwathu kuno ku Budiriro mu 2018, ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana kuti ana asamakatungenso madzi paliponse. Tinasunga ndalama miyezi yambiri n'kugula thanki. Wowotcherera wina anatipangira sitandi, pansi pa mwendo uliwonse n'kuikapo njerwa ziwiri, akuti zakwana. Ndinavomera, poti maso anga onse anali pa thanki.

Malo athu ali chakufupi ndi dambo, dothi lake ndi lamakande. M'chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, mvula ikagwa limafufuma n'kukhala ngati phala. Tsiku lina m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, ndinapeza mwendo umodzi watitimira, thanki litapendekera ku mpanda wa aneba, komwe ana awo amasewerera. Ndinathamanga kukatsegula mpopi. Madzi ogula aja anathera m'chimanga, mayi ataima ndi ndowa ziwiri, kupulumutsa omwe akanatha.

Kuyambira pamenepo ndimakwiya ndikamaona anthu akukambirana za kukula kwa thanki osafunsa za pansi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki lanu la malita 5,000, achimwene, likadzaza ndi matani 5, ndiye kuti mwendo uliwonse mwa inayi ya sitandi wasenza ngati matumba 25 a simenti. Mukagula la malita 10,000, katunduyo awirikiza kawiri pa miyendo yomweyo. Mmisiri amene amayamba kuwotcherera asanakumbe n'kuona dothi, musamupatse ntchito, ngakhale akhale mbale wanu wa ku tchalitchi.

Ena amati bola kulikwirira pansi. Nalonso lili ndi vuto lake. Thanki lopanda madzi, nthaka ikakhuta mvula, limakankhidwira m'mwamba ngati chigubu chotseka chomwe mwachimiza mumtsinje. La malita 5,000 likamizidwa lonse limakankhidwa ndi mphamvu yokwana matani 5 omwewo. Komanso la pulasitiki wamba silinapangidwire kupanikizidwa ndi dothi m'mbali, limaphwafuka.

Tsono za shawa yanu

Chimene chimakankha madzi ndi kutalika, kuchokera pomwe madzi alekezera m'thanki kufika pomwe akutulukira. Mamita 10 alionse amapereka pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankha madzi). Shawa yanu ili m'mwamba pafupifupi mamita 2, kufanana ndi sitandi, choncho chimene chikukankha ndi madzi a m'thankimo okha. Akadzaza mupeza mwina 0.2 bar, akatsika mphamvu imatheratu. N'chifukwa chake mpopi wa panja, womwe uli m'munsi, umatuluka bwino.

Musagule thanki lina, achimwene. Yambani mwachotsa mutu wa shawa n'kuutsuka, muonenso ngati paipi si yopyapyala kwambiri. Zikakanika, ikani kapampu kowonjezera mphamvu, podziwa kuti magetsi akathima nakonso kaima. Ngati mukufuna kukweza sitandi, kumbani mpaka mupeze dothi lolimba, muthire konkire yokhala ndi zitsulo, miyendo yonse inayi imangidwe pa maziko amodzi.