WhatsApp ikugwira koma masamba sakutseguka: vuto ndi DNS

Mwafunsa chifukwa chake WhatsApp ikutumiza mauthenga bwinobwino pomwe Chrome ikungolemba kuti DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN. Intaneti yanu ilipo ndithu. Chomwe chalephereka ndi kupeza nambala ya tsamba lomwe mukufunalo, ntchito yomwe imagwiridwa ndi DNS, dongosolo losandutsa mayina a masamba kukhala manambala.

Kompyuta sidziwa mayina, imadziwa manambala a IP basi, omwe ali ngati adiresi ya chipangizo chilichonse pa intaneti. Mukalemba dzina la webusaiti, imayamba yafunsa seva yotchedwa resolver, kawirikawiri ya kampani yomwe imakugulitsani intaneti. Resolver ikapanda kukhala ndi yankho imafunsa maseva a root, omwe ali pamwamba pa maseva onse a DNS, kenako a .com kapena .org, mpaka kukafika pa seva ya eni dzinalo. Yankho limabwera ndi TTL, masekondi omwe liyenera kusungidwa lisanafunsidwenso. N'chifukwa chake zina zimagwirabe: pulogalamu yomwe inalumikizidwa kale, kapena yomwe ikusungabe nambala, siona vutolo mpaka TTL itatha.

Musanakhudze rauta, tsegulani Command Prompt pa kompyuta ya Windows mulembe ping 1.1.1.1 kuti muone ngati mukufika pa intaneti. Ikayankha, njira ili bwino. Kenako lembani nslookup ndi dzina la tsambalo, mubwerezenso koma kumapeto muwonjezere 8.8.8.8. Loyamba likakana lachiwiri n'kuyankha, wadwala ndi resolver wanu. Sinthani DNS kukhala 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare, mulembe ipconfig /flushdns kuti mayankho akale afufutike.

Onse awiri akakana, werengani mawu omwe abwera, chifukwa satanthauza chinthu chimodzi. NXDOMAIN (pa Windows imalembedwa kuti Non-existent domain) ndiye kuti dzinalo kulibe: mwina lalembedwa molakwika, mwina eni ake sanalipire ndipo latha nthawi. SERVFAIL (pa Windows imalembedwa kuti Server failed) ndiye kuti resolver yayesa koma sinapeze yankho lodalirika, kaya maseva a eni ake sakuyankha kaya siginecha za DNSSEC, zotsimikizira kuti yankho si lachinyengo, zasokonekera. Pamenepa kusinthasintha DNS n'kungotaya nthawi, ngakhale ambiri amathamangira kulangiza zimenezo.

Zoterezi zimagwetsa ndi akuluakulu omwe. Pa 4 October 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima kwa maola pafupifupi 6. Lamulo lolakwika lomwe linapatsidwa kwa makompyuta pa nthawi yokonza linadula netiweki yawo yamkati, maseva awo a DNS n'kuchotsa okha njira zawo za BGP, zomwe zimauza manetiweki ena kopezera masevawo, moti dziko lonse linasowa kofunsa. Choipa kwambiri n'chakuti zida zomwe akatswiri awo akanakonzera vutolo zinkadaliranso DNS yomweyo. Pa 21 October 2016 zigawenga za pa intaneti zinapanikiza Dyn, kampani yopereka DNS, pogwiritsa ntchito pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai, Twitter, Netflix ndi Spotify n'kusowa kwa anthu ambiri, maseva awo ali amoyo.

Ngati tsambalo ndi lanu, musadalire kampani imodzi ya DNS. Mukafuna kusamukira pa seva ina, tsitsani TTL kufika pa masekondi 300 pasadakhale, mudikire TTL yakaleyo ithe kaye. Ngati inali 86400, ndiye kuti mudikire tsiku lathunthu musanasinthe nambala.