Chifukwa chake ana akupinimbirabe ngakhale pali lamulo la michere

Mwafunsa kuti bwanji ana akupinimbirabe chonsecho boma linalamula kuti mu shuga, mafuta ophikira, mchere ndi ufa azithiramo michere. Limodzi mwa mavuto lili pa ufa. Lamuloli limagwira makampani akuluakulu, pomwe mabanja ambiri amagayitsa chimanga chawo kuchigayo cha m'mudzi, komwe sathiramo kanthu. Akachikonola, michere yambiri imatsalira m'gaga.

Mafuta amataya vitamini A akakhalitsa padzuwa, ngati aja a m'timapepala pamsika. Mchere wosavundikira umataya ayodini, choncho muziusunga m'botolo lotseka, pouma.

Kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo (DHS) wa 2015-16 anapeza kuti m'Malawi ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kutsegula m'mimba pafupipafupi kumawonjezera vutoli. Phala la mwana lizikhala la mgaiwa lothira nsinjiro, madzi akumwa muziwiritsa.