Yankho kwa achemwali pa za chotupa chimene chinaoneka pa sikani

Achemwali, uthenga wanu wa usiku uja ndaumvera, ndipo chithunzi cha pepala la ku sikani chimene munatumiza ndachiwerenga modekha. Ndiyankha m'gulu momwe muno poti munafunsira muno, komanso chifukwa atsikana athu amene akumvera tsiku lina adzauzidwa mawu omwewa kuchipatala. Mwafunsa ngati chotupa chimene achiona pa thumba la mazira la kumanzere chili khansa, ndiponso ngati tiyambe kusonkha ndalama za opaleshoni. Malinga ndi zimene zalembedwa papepalapo, palibe chosonyeza khansa, ndipo nkhani ya opaleshoni siinafike.

Mawu akuti chotupa ndi amene akusowetsani tulo, chifukwa m'Chichewa timatchula ndi dzina limodzi zinthu zosiyana kwambiri. Papepala panu alemba kuti "simple cyst" ya masentimita 4, ndipo tanthauzo lake ndi kathumba kodzaza madzi okhaokha, kocheperapo pa dzira la nkhuku. Makina a sikani amatumiza mafunde a phokoso limene khutu silingamve, kenako amamvetsera mmene mafundewo akubwerera. Pamene pali madzi mafunde amangodutsa osabwerera, choncho pa sikirini pamaoneka bii, pamene mnofu umaoneka wotuwa. Ine, monga wojambula sikani, ndikaika kachipangizo kojambulira pamimba pa mayi n'kuona chinthu chozungulira, chakuda mkati monse, cha khoma lopyapyala ndi losalala, kuseri kwake kukuwala, mtima wanga umakhala pansi ndisanayambe n'komwe kuyeza kukula kwake. Chithunzi chanu ndi chotero.

Zotupa za mtundu umenewu zimachokera m'ntchito ya thupi ya mwezi ndi mwezi. Mayi amene akadali kusamba, mwezi uliwonse thumba la mazira limakulitsa kathumba kamodzi kokhala ndi dzira, kamene kamafika masentimita 2 kapena kupitirira pang'ono, kenako n'kuphulika kuti dzira lituluke. Mwezi wina kathumbako sikaphulika, kamangopitiriza kusonkhanitsa madzi, ndipo mukajambulidwa pa nthawi imeneyo ndiye mumauzidwa kuti muli ndi chotupa. Zambiri zosafika masentimita 5 zimaphwa zokha pakadutsa misambo iwiri kapena itatu popanda mankhwala aliwonse. N'chifukwa chake adokotala anakuuzani kuti mubwerere pakatha milungu 8. Inu munamva ngati akungokuthamangitsani poti anthu anali ambiri pamzere, koma kudikirako ndi mbali ya kupima komwe, chifukwa chotupa chimene chasowa pa sikani yachiwiri chimakhala chadziulula chokha kuti sichinali choopsa.

Tsopano ndifotokoze zimene timafunafuna pojambula, kuti muone kusiyana kwake. Chotupa china chimakhala ndi magazi mkati, ndipo magaziwo akayamba kuundana amaoneka ngati ukonde wa kangaude. Chimapweteka ndithu, koma nachonso nthawi zambiri chimatha chokha m'milungu yowerengeka. China chimakhala ndi magazi akalekale, chotuwa mofanana ponseponse ngati phala losalala, ndipo chimapezeka mwa amayi amene amamva ululu woopsa pa nthawi ya msambo, matenda amene madokotala amawatcha endometriosis. Chimenecho sichiphwa chokha ndipo nthawi zina chimavutitsa kutenga pakati. Palinso china chotchedwa dermoid, chimene mkati mwake mumakhala mafuta, tsitsi, mwinanso dzino, ndipo pa sikirini chimawala kutsogolo n'kusiya mthunzi kumbuyo. Ndinaonapo banja lina litakangana koopsa opaleshoni itatha, achibale atamva kuti m'mimba mwa mayi mwatuluka tsitsi, aliyense akuloza mnzake ufiti. Palibe amene anaikamo tsitsilo, popeza maselo a m'thumba la mazira ali ndi mphamvu yopanga khungu, tsitsi ndi mano, ndipo zotupa zotere pafupifupi zonse sizikhala khansa.

Zimene zimatichititsa kukhala tcheru ndi zina. Mu 2008 gulu la madokotala lotchedwa IOTA, motsogozedwa ndi Dirk Timmerman wa ku Leuven m'dziko la Belgium, linafalitsa malamulo osavuta osiyanitsira zotupa zabwino ndi zokayikitsa, ndipo ojambula ambiri timawagwiritsa ntchito. Chokayikitsa ndi chotupa cha mnofu chimene m'mbali mwake ndi mosasalala, kapena chokhala ndi timinofu tinayi kapena kuposa totuluka m'khoma kuloza mkati, kapena chachikulu kufika masentimita 10 chogawikana zipindazipinda zosakanikirana ndi mnofu. Timayang'ananso ngati m'mimba mwadzaza madzi kunja kwa chotupacho, ndipo timayatsa mbali ya makina yotchedwa Doppler, imene imaonetsa magazi oyenda m'mitundu yofiira ndi yabuluu, chifukwa khansa imakoka mitsempha yambiri ya magazi. Papepala panu alemba kuti chipinda ndi chimodzi, mulibe mnofu, mulibe magazi oyenda mkati, ndipo m'mimba mulibe madzi. Msinkhu nawo tiuwerengere, poti inu muli ndi zaka 36 ndipo mukusambabe. Akanakhala amayi athu, amene anasiya kusamba kalekale, ndikanafuna kuti adokotala achitsatire mosamalitsa kwambiri ngakhale chikanaoneka chimodzimodzi.

Alamu anatchula zokayezetsa magazi a CA-125, muyezo wothandiza pofufuza khansa ya thumba la mazira, kuchipatala cholipira. Ndalamazo zisungeni kaye. Muyezo umenewo umakwera ndi zinthu zambiri zimene si khansa, monga msambo, pakati, zotupa za m'chiberekero, endometriosis, ngakhale TB ya m'mimba imene kwathu kuno timaiona ndithu, ndipo kwa mayi wa msinkhu wanu wokhala ndi kathumba ka madzi okha ungangowonjezera mantha popanda kuyankha funso lililonse.

Pa sikani yachiwiriyo, yesetsani kupita masiku oyambirira mutangomaliza msambo, pamene thumba la mazira lisanayambe kukulitsa kathumba katsopano kamene kangasokoneze wojambula. Ngati akujambulani pamimba, imwani madzi makapu anayi kapena asanu kutatsala ola limodzi ndipo musakodze, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakankhira matumbo pambali n'kukhala ngati zenera loonera chiberekero ndi mazira. Akapempha kujambulira njira ya abambo ndi kachipangizo kowonda kovekedwa mphira, musachite manyazi kapena kuganiza kuti apeza choipa. Njira imeneyo imafika pafupi kwambiri ndi thumba la mazira ndipo chithunzi chake ndi chomveka kuposa cha pamimba, koma pamenepo amafuna kuti muyambe mwakodza. Muli ndi ufulu wopempha kuti m'chipindamo mukhale namwino wamkazi. Mutenge pepala loyambali pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, chifukwa wojambula wopanda miyezo yakale sangadziwe ngati chotupa chikukula kapena chikuchepa.

Mankhwala azitsamba amene azakhali anawatchula kuti amasungunula zotupa ndikupemphani kuti muwasiye. Chotupacho chikaphwa chokha, wogulitsa adzatenga ulemu umene si wake, ndipo chikanakhala cha mtundu woipa, miyezi yomwa zitsambayo ikanakhala yotayika. Musaiwalenso kuti sikani imeneyi siiona khansa ya khomo la chiberekero, choncho kuyezetsa kwa viniga kuja kapena kwa HPV, kachilombo koyambitsa khansayo, mupitebe monga mwa nthawi zonse.

Chinthu chimodzi chokha chimene sichidikira milungu 8 ndi ululu wadzidzidzi. Thumba la mazira likalemedwa ndi chotupa limatha kupotokola n'kutseka mitsempha yake ya magazi, ndipo ngakhale izi zimachitika kwambiri chotupa chikaposa masentimita 5, muyenera kudziwa zizindikiro zake. Mukamva kupweteka koopsa mbali imodzi m'munsi mwa mimba, kobwera mwadzidzidzi pamodzi ndi mseru kapena kusanza, kapena mukachita chizungulire, thukuta lozizira ndi kufooka, musamwe panado n'kudikira kuti kuche. Pitani kuchipatala cha boma kapena ku Queens nthawi yomweyo, muwauze kuti muli ndi chotupa cha masentimita 4 kumanzere, ndipo ngati msambo wachedwa mupemphe kuti ayeze pakati, chifukwa mimba yokhala m'chubu imapweteka mofananamo. Alamu, foni yanu isamazimitsidwe usiku m'milungu imeneyi. Achemwali, mukalandira pepala lachiwirilo mundijambulire mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi tizithunzi takuda tija timene amamata kumbuyo.