Sitinapeze kambuku: kodi tilembe kuti kulibe?

Wowerenga wina wa ku Salima, mtsikana amene akuphunzira zachilengedwe, wanditumizira imelo. Akuti iye ndi anzake anayendera zigawo zingapo za nkhalango ya Thuma, chigawo chilichonse kamodzi, kusaka mapazi ndi ndowe za kambuku. M'zigawo zambiri sanapeze kanthu. Funso lake ndi ili: "Kodi mu lipoti ndilembe kuti m'zigawo zimenezo mulibe kambuku?"

Ayi achemwali, musatero. Lembani kuti simunamupeze. Ziro amene mwalemba pa fomu yanu posonyeza kuti simunaone kanthu akhoza kutanthauza kuti nyamayo kulibedi, kapena kuti iliko koma inu mwaiphonya, ndipo ulendo umodzi sungasiyanitse ziwirizi. Kambuku amayenda usiku, amakhala yekha, ndipo Thuma ndi wa mapiri ndi miyala, pamene phazi silidinda.

Tiyerekeze kuti m'chigawo china kambuku alimo ndithu, ndipo mwayi woti muone chizindikiro chake pa ulendo umodzi ndi 3 pa 10. Ndiye kuti maulendo 7 pa 10 alionse mudzabwerako chimanjamanja. Mukapitako katatu, mwayi womuphonya maulendo onsewo ndi 0.7 x 0.7 x 0.7, kapena kuti 34 pa 100. Mukapita kasanu umatsika kufika pa 17, ndipo pamafunika maulendo 9 kuti utsike kufika pa 4 pa 100. Inu munapitako kamodzi kokha.

Mwina mufunsa kuti 3 pa 10 ameneyo munthu amamudziwa bwanji. Amachokera m'kubwereza komweko. Chigawo chikapereka 1, 0, 1 pa maulendo atatu (1 ndi pamene mwaona chizindikiro, 0 ndi pamene simunaone), ziro wapakatiyo ndi wophonya, chifukwa nyamayo tikudziwa kuti inalimo. Zigawo zotere zikachuluka zimatiuza kuti timaphonya kangati, ndipo tikatero tingawerengere kuti mwa zigawo za 0, 0, 0, ndi zingati zimene mwina zikubisa kambuku. Njirayi anaifotokoza katswiri wina, Darryl MacKenzie, ndi anzake mu 2002 m'magazini ya sayansi yotchedwa Ecology, ndipo pali pulogalamu yaulere ya pakompyuta, PRESENCE, yochita masamuwo. Chofunika n'chakuti maulendowo ayandikane, mkati mwa nyengo imodzi, nyama zisanasamuke.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuyerekeza zaka. Asodzi a usipa ku Senga Bay amadziwa kuti mwezi ukawala nyali sizikoka nsomba, ndipo palibe amene amati usipa watha m'nyanja. Koma m'malipoti timachita zimenezo. Chaka chino mwayenda mu Okutobala, tchire litapsa, fumbi likusunga phazi lililonse. Chaka chamawa anzanu ayenda mu Febuluwale, udzu uli m'khosi, mvula ikufufuta mapazi usiku uliwonse. Iwo adzalemba kuti akambuku achepa, chikhalirecho chachepa ndi kuona kwawo. Zingathenso kutembenuka: mukawonjezera makamera kapena mukayenda ndi mlonda wodziwa kulondola mapazi, nyama zimaoneka ngati zachuluka pamene zili chimodzimodzi. Malipoti otere ndiwo amatsogolera kumene alonda atumizidwe, choncho chigawo cholembedwa kuti "mulibe" chikhoza kusiyidwira otchera misampha ndi owotcha makala.

Taonani ku Nkhotakota. Nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, yodzaza ndi mitengo ya miombo, yodutsidwa ndi mtsinje wa Bua. Bungwe losamalira nyama la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Njovu zimenezo chiwerengero chake chimadziwika chifukwa anaziwerenga pokweza m'magalimoto. Koma chiuli ndi chilembwe, zimene anthu ankaganiza kuti zinatheratu m'nkhalangomo, zinadzaonekera pa makamera omangirira pamitengo, amene sagona ndipo amayang'ana malo amodzi usana ndi usiku.

Samalaninso ndi kulakwitsa kwa mbali inayo, kulemba 1 pamene palibe. Phazi la fisi limaonetsa zikhadabo, la kambuku nthawi zambiri ayi. Jambulani phazi lililonse pafoni, mutaika cholembera pambali pake kuti kukula kwake kudziwike.

Ngati ndalama zoyendera zili zochepa, ine ndingachepetse zigawo n'kubwereza chilichonse katatu kapena kanayi. Ngati kubwerera n'kosatheka, gawanani anthu awiriawiri, gulu lililonse liyende palokha osauzana zimene laona, ndipo fomu ya gulu lililonse ikhale ngati ulendo wake. Pa fomupo lembani tsiku, ola, amene anayenda, kutalika kwa udzu, ndiponso ngati kunagwa mvula dzulo lake. Zimene mwatolera kalezi musataye: zitengeni ngati ulendo woyamba, mubwerere nyengo isanasinthe.