Mwana wanga anapatsidwa chibalo chifukwa cha vesi: yankho kwa mayi a ku Area 36

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Area 36 mumzinda wa Lilongwe. Mwachidule akuti: "Ndine Msilamu. Mwana wanga wamkazi ali sitandade 5 pasukulu ya boma. Aphunzitsi anawapatsa Yohane 3:16 kuti aloweze, ndipo iye atalephera kulinena pamtima anamukolopetsa kalasi anzake ataweruka. Achimwene anga ali ku America akuti kumeneko zimenezi ndi mlandu chifukwa boma ndi mpingo siziyendera limodzi. Nanga kwathu kuno lamulo likuti chiyani?"

Mayi, pepani ndi zomwe zinamuchitikira mwanayo. Achimwene anu sananame, kungoti nkhani ya kumeneko ili ndi mutu wake. Khoti lalikulu la dziko la America linaletsa mu 1962 pemphero lokonzedwa ndi boma m'sukulu zake, ndipo mu 1963 linaletsanso kuwerenga Baibulo ngati mapemphero a m'mawa. Koma chigamulo cha 1963 chomwecho chinavomereza kuti Baibulo likhoza kuphunziridwa ngati mbiri kapena zolembalemba. Chimene anakana ndi kupembedzetsa ana, osati kuwadziwitsa.

Ife tilibe mpanda wotero pakati pa boma ndi mipingo, ndipo sindikuona yemwe angaumange. Sukulu kuno inabwera itanyamulidwa ndi amishoni. A Livingstonia anafika mu 1875, a Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889 kenako ku Nkhoma, Akatolika nawo ku Mua ndi ku Likuni. Boma la atsamunda linadzatsegula nthambi yake ya maphunziro mu 1926, patatha zaka 50 ana akuphunzira a, e, i, o, u m'manja mwa mipingo. Agogo athu ambiri anaphunzira kuwerenga kuti athe kutsegula Buku Lopatulika ndi kulowa kalasi ya ubatizo. Mpaka lero sukulu zambiri zomwe timazitcha za boma, malo ndi nyumba zake ndi za mpingo, boma limangotumiza aphunzitsi ndi kuwalipira. Ndiye mukati tisiyanitse, muyambira pati? Ngakhale nyimbo ya fuko imene ana amaimba pa asembule ndi pemphero kuyambira mawu oyamba.

Izi sizikutanthauza kuti kulibe lamulo. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko, omwe tinawalandira mu 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo. Mwana wa sitandade 5 ndi munthu, ufuluwo ndi wakenso. Gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo chake, ndipo gawo 13 limati china mwa zolinga za maphunziro ndi kuthetsa kusalolerana pa nkhani za chipembedzo. Malamulowa sanatchule mpingo uliwonse kuti ndiwo wa boma. A ku Zambia anatenga njira ina: Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti dziko lawo ndi lachikhristu, ndipo anazilowetsa m'malamulo awo aakulu mu 1996. Ife sitinatero, ngakhale kalembera wa 2018 anapeza kuti Akhristu ndi pafupifupi 77 pa 100 alionse, Asilamu pafupifupi 14.

Mkangano wa phunziro lenilenilo si wa lero. Mu 2000, nthawi ya Bakili Muluzi, unduna unafuna kuchotsa Bible Knowledge (BK), phunziro la Baibulo, m'sukulu za sekondale n'kuikapo Religious and Moral Education, phunziro lonena za zipembedzo zingapo. Mipingo inayaka moto, ena mpaka kunena kuti pulezidenti akufuna kulisandutsa dziko lachisilamu. Ganizolo linaimitsidwa, ndipo pamapeto pake maphunziro onse awiri anatsala. Ku sekondale mwana amasankha kutenga kapena ayi. Ku pulayimale phunziro la chipembedzo n'lokakamiza, koma kuti pasukulupo paphunzitsidwe BK kapena la zipembedzo zonse, amasankha ndi a komiti yoyendetsa sukulu, omwe timawasankha ife makolo pamsonkhano wa PTA. Inde, msonkhano uja ambirife timauthawa poopa kuti akatiuza za ndalama ya mlonda ndi ya chitukuko.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena andida nawo. Ine ndine wa mpingo, ndinakulira m'kwaya, koma sindiona vuto mwana wanga atadziwa kuti Ramadan n'chiyani, kapena mwana wanu atadziwa nkhani ya Yosefe ndi abale ake, yemwe mu Qur'an mumamutcha Yusuf. Kudziwa sikulanda chikhulupiriro cha munthu. Funso loti "Akhristu amakhulupirira chiyani za Yesu?" ndi la mayeso, mwana aliyense akhoza kuliyankha n'kukhoza. Koma Yohane 3:16 si vesi wamba. Limanena za Mwana wobadwa yekha wa Mulungu, pomwe penipeni pamene Chisilamu ndi Chikhristu zimasiyanirana. Kumuimiritsa mwana wachisilamu kutsogolo kuti alinene ndi pakamwa pake, atalephera n'kumupatsa chikolopa, pamenepo mphunzitsi wavula malaya a uphunzitsi n'kuvala a mlaliki, uku akulandira malipiro ochokera ku misonkho ya tonse. Mwina iwo sanaganize n'komwe zimenezo, anangochita monga anawachitira aphunzitsi awo. Koma mwanayo anakolopa ndithu.

Ndikukumbukira mnzanga wina amene ndinkakhala naye desiki limodzi, kapena ndinene kuti mwala umodzi, chifukwa tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Kwawo anali a Mboni za Yehova, omwe boma la Kamuzu linawaletsa mu 1967 mpaka 1993. Pa asembule ankaima chilili, milomo ili tseke, thukuta lili kamukamu, ife tikuimba. Tsiku lina mphunzitsi anamuona, anamukoka khutu mpaka kutsogolo, ndipo ife tinaseka. Patapita masiku sanabwerenso. Ndikamva anthu akuti boma lilowererepo kuti ana onse azipemphera chimodzimodzi, ndimaona khutu lija. Boma likayamba kusankhira anthu chopembedza, silifunsa kuti lero ndi mpingo wa ndani uli pamwamba.

Chabwino n'chakuti zinthu zakhala zikusuntha. Mkangano wa hijabu utabuka ku Balaka mu 2019, a Public Affairs Committee, bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana, anakhalira pakati mpaka mu 2021 atsogoleri achikhristu ndi achisilamu anasainirana kuti atsikana azivala hijabu yogwirizana ndi yunifomu m'sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma. Mu May 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti kukaniza sukulu ana a Chirasta chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo a dziko. Nkhani yanu ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimenezi, ndipo sindikuona kuti ikufunika loya.

Yambani ndi aphunzitsiwo, panokha, osati pagulu la WhatsApp la makolo pomwe nkhani imasanduka mpira. Mukawapeze ataweruka, muwauze kuti simukukana kuti mwana aphunzire phunzirolo ndi kulemba mayeso, koma chibalo cha vesi ndi kunena pamtima mawu otsutsana ndi chikhulupiriro chake ndiye ayi. Akakhala ouma mutu, pitani kwa ahedi. Zikakanika pamenepo pali mlangizi wa sukulu za pulayimale (PEA) ku likulu la aphunzitsi (TDC) la dera lanu, ndipo pamwamba pawo ofesi ya maphunziro ya boma. A bungwe la Malawi Human Rights Commission alinso mumzinda momwe muno, koma amenewo asungeni kumapeto.

Ndipo msonkhano wa PTA ukubwerawu musatume mwana kuti akanene kuti mwatanganidwa. Mutengane ndi makolo anzanu awiri atatu, Akhristu omwe ngati alipo omvetsa, mukafunse kuti sukuluyi inasankha liti kuphunzitsa BK, ndipo anasankha ndani. Mukandiuze zimene akakuyankheni.