Kodi "thou" wa m'Baibulo lakale la Chingerezi ndi mawu aulemu?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa kupulayimale kuno ku Santhe. Agogo anga aamuna anandisiyira Baibulo lawo la Chingerezi, lachikuto chakuda, limene masamba ake ayamba kufiira m'mphepete. M'menemo mwadzaza mawu akuti thou, thee, thy ndi ye, omwe sapezeka m'mabuku amene timaphunzitsira. Mkulu wa mpingo wina kwathu kuno amati awa ndi mawu aulemu wapadera oyankhulira ndi Mulungu yekha. Kodi n'zoona? – Wowerenga wa ku Santhe, Kasungu.

YANKHO: Aphunzitsi, mkulu wa mpingoyo akunena mmene mawuwa amamvekera m'makutu mwa anthu lero, koma chiyambi chake n'china. Thou ndi "iwe", ndipo ye ndi "inu". Thee ndi "iwe" yemweyo pamene iyeyo ndiye akuchitiridwa chinthu, thy ndi "-ako" monga mu "dzina lako", pomwe you poyamba anali "inu" wochitiridwa chinthu. Ife Achewa tili ndi mwayi pomvetsa nkhaniyi, chifukwa chimene Angerezi anataya ife tikadali nacho pakamwa.

M'Chingerezi cha makedzana kusiyana kwa mawuwa kunali kwa chiwerengero basi: munthu mmodzi, kaya ndi mfumu kaya ndi kapolo, anali thou. Mawuwa ndi apachibale ndi du wa Chijeremani komanso tu wa Chilatini ndi Chifalansa. Zinthu zinayamba kusintha dziko la England litagonjetsedwa ndi anthu a ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, mu 1066, pamene Chifalansa chinakhala chiyankhulo cha kunyumba yachifumu ndi cha m'mabwalo a milandu. Afalansa ankalemekeza munthu mmodzi pomutchula ngati ambiri, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1200 Angerezi nawonso anali atayamba kunena ye kapena you kwa munthu wamkulu, n'kusiya thou kwa ana, antchito, mabwenzi apamtima ndi okondedwa.

Taganizirani mnyamata ataimirira pabwalo kwa anyakwawa, akulu onse atakhala pamipando yawo pansi pa mtengo, iye n'kuloza mfumu chala n'kunena kuti "iwe". Bwalo lonse lingati zii, ndipo mlandu umene anadzera ungaiwalike kaye. Thou anafika pobaya chomwecho. Mu 1603, pamlandu woukira mfumu wa Sir Walter Raleigh, woimira boma Edward Coke anamunyoza pomutchula dala kuti thou, namuuziratu kuti akutero chifukwa chomuyesa wachiwembu. Patapita zaka ngati 50, gulu la Akhristu lotchedwa Quakers, lotsogoleredwa ndi George Fox, linaumirira kunena thou ndi thee kwa munthu aliyense, ngakhale woweruza milandu, ponena kuti pamaso pa Mulungu palibe woposa mnzake, ndipo ambiri a iwo ananyozedwa ndi kumenyedwa chifukwa cha zimenezi. Anthu ena onse, poopa kulakwira munthu amene sakudziwa udindo wake, anasankha kunena you kwa aliyense, mpaka thou anazimiririka m'Chingerezi cha masiku onse pofika m'zaka za m'ma 1700. Watsala pang'ono chabe m'kayankhulidwe ka anthu ena a kumpoto kwa England, monga ku Yorkshire, kumene amamveka ngati tha.

Nanga m'Baibulo la agogo anu akutanimo? Ndikukhulupirira kuti ndi la King James, limene linatuluka mu 1611. Omasulira ake anatsata njira ya William Tyndale, amene Chipangano Chatsopano chake chinasindikizidwa mu 1526, yosiyanitsa mmodzi ndi ambiri monga zilili m'Chihebri ndi m'Chigiriki. N'chifukwa chake mudzapeza kuti Mulungu ndi thou, komanso Satana, Yudasi ndi njoka ya m'munda wa Edeni onse ndi thou. Tatsegulani pa Luka 22:31-32 muone phindu lake. Yesu akuuza Simoni kuti Satana wapempha kuti awapete ngati tirigu, ndipo pamenepo pali you, kutanthauza ophunzira onse, koma akafika ponena kuti wamupempherera, mawu akusintha n'kukhala thee, kutanthauza Simoni yekha. Wowerenga Chingerezi cha lero sangaone kusinthaku, ndipo ine ndimaona kuti kumeneku n'kutaya kwenikweni, chifukwa mtima wa ndimeyi uli pamenepo.

Maganizo a mkulu wa mpingo uja ali ndi gwero lake. Thou atatha m'misika ndi m'makomo, anthu ankangomumva m'tchalitchi, m'mapemphero ndi m'nyimbo, motero anayamba kumveka wopatulika. Ngakhale Baibulo la Revised Standard Version la mu 1952 linachotsa thou ponseponse, n'kumusiya pokhapokha poyankhula ndi Mulungu.

Mukamafotokozera ana a m'kalasi mwanu, yambani ndi Pemphero la Ambuye, chifukwa amalidziwa kale pamtima. Ife timati "dzina lanu liyeretsedwe", polemekeza Atate monga timachitira ndi kholo lililonse, pamene thy name ya m'Baibulo la agogo anu, titaimasulira ndendende, ikuti "dzina lako".