Ndisiye mapiritsi a nkhawa n'kuyamba mindfulness?

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa ku Luchenza. Kuchipatala anandipeza ndi matenda a nkhawa: mtima umathamanga, tulo sitibwera. Ndamwa fluoxetine masabata awiri koma sindikuona kusintha. Mwana wanga akuti ndisiye, ndiyambe mindfulness, njira yokhazikitsa maganizo pa zimene zikuchitika panthawiyo, imene anaona pa YouTube. Nditani?

YANKHO: Amayi, musasiye mapiritsiwo. Fluoxetine amafuna masabata 4 mpaka 6 kuti agwire bwino, ndipo masiku oyamba nkhawa imatha kukwera kaye, limodzi ndi nseru ndi kusowa tulo. Muzimwa m'mawa. Mukapeza bwino mumamwabe miyezi 6 mpaka 12, ndipo posiya muzitsatira malangizo a dokotala, chifukwa kusiya msanga kumabweza matendawo.

Komabe mwana wanu sakunama. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Georgetown University ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anagawa odwala nkhawa 276 pawiri. Ena anamwa escitalopram, wa mtundu umodzi ndi fluoxetine, ena anaphunzira mindfulness. Patatha masabata 8 onse anapeza bwino pafupifupi mofanana. Chimene anthu sanena ndi kukula kwa ntchitoyo: ankaphunzira ndi mphunzitsi maola awiri ndi theka sabata iliyonse, n'kumachitanso kunyumba mphindi 45 tsiku lililonse. Kanema wamfupi wa pafoni safika pamenepo. Ife tikuti chitani zonse ziwiri.

Yambani ndi mphindi 10, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Khalani pampando, mapazi pansi, ndipo tsatirani mpweya pamene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Maganizo akathawira ku fizi kapena ngongole, azindikireni, n'kubwerera ku mpweya osadzikalipira. Kubwererako ndiye ntchito yake. Ambiri amagwa ulesi poganiza kuti m'mutu muyenera kukhala mopanda kanthu. Musakoke mpweya mwamphamvu ndi mofulumira, zimabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala. Ngati kutsatira mpweya kukuwonjezera mantha, tsegulani maso, mverani mapazi pamene akhudza pansi. Zikakukumbutsani zoopsa zimene munadutsamo, lekani, mukauze namwino woona za matenda a maganizo pachipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje.

Kwathu kuno tiyi ndi wosasowa, koma wakuda kwambiri amathamangitsa mtima, choncho madzulo musamwe. Pemphaninso akuyezeni magazi ndi chithokomiro, poti kuchepa kwa magazi nako kumathamangitsa mtima. Diazepam (mapiritsi ogonetsa) wogula mwamseri mupewe, thupi limamuzolowera msanga. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo wachibale akuperekezeni.